Kufufuza mmene malo akuchitira ndi zomera zanu: malangizo kwa olima ndi osamalira magadeni ku Johannesburg

Bedi ndi limodzi, mbewu ya repu inachokera m'paketi imodzi, wothirira ndi yemweyo, koma mbali ina masamba ndi otambalala bwino pamene mbali inayo ndi onyentchera. Zikatere ambiri amathamangira kusitolo kukagula feteleza kapena mankhwala opopera, ena amangoti mbewu yake ndi yoipa. Kawirikawiri vuto silikhala mbewu. Limakhala dzuwa, kuzizira, dothi, madzi kapena zamoyo zina zimene zili pamalopo, ndipo zambiri mwa izi zimayezeka ndi zinthu zimene zili kale pakhomo. Malangizo awa tawalembera wogwira ntchito m'gadeni ya abwana, wolima ndiwo zakumudzi kuseri kwa nyumba ya lendi, komanso mwana wasukulu amene wapatsidwa ntchito yofufuza za zomera.

Choyamba vomerezani kuti kalendala yakumudzi siigwira yonse kuno ku Joni. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, pamene Lilongwe ndi Blantyre zili pa mamita ongopitirira pang'ono 1,000. Mvula imagwa kuyambira Okutobala mpaka Epulo, pafupifupi mamilimita 700 pachaka, ndipo yambiri imabwera masana ndi mabingu, nthawi zina ndi matalala. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumauma, masana dzuwa limawala bwino, koma usiku chisanu chimatha kuundanitsa madzi. Kuwonjezera apo, bwalo limodzi lokha limakhala ndi timalo tosiyana nyengo, ndipo ntchito yanu ndi kutipeza.

Zofunika kukhala nazo

Kope lachikuto cholimba ndi pensulo, chifukwa bolopeni imafufutika ikanyowa. Tepi yoyezera kapena rula ya masentimita 30. Zitini zinayi kapena zisanu zowongoka, zofanana kukamwa ndi pansi. Botolo lagalasi lokhala ndi chivindikiro. Majumbo oonekera mkati, ulusi, sirinji yopanda singano, fosholo yaing'ono, viniga ndi soda. Foni yokhala ndi kamera ndi kampasi. Ngati ndalama ilipo, gulani chipangizo choyezera kutentha chimene chimasunga nambala yapamwamba ndi yotsikitsitsa ya tsikulo. Chimapezeka m'masitolo a zomangira ndi m'manazale.

Gawo 1: Jambulani mapu a bwalo

Yezani mulitali ndi mulifupi mwa bwalo, mujambule papepala limodzi, sentimita imodzi iimire mita imodzi. Ikanipo nyumba, makoma ndi kutalika kwake, mitengo, mpopi, ngalande, paipi yotsitsa madzi a padenga, malo osimenta ndi kumene nthaka yatsetserekera. Lembani muvi woloza kumpoto. Poyang'ana kampasi ya pafoni imani kutali ndi geti lachitsulo kapena galimoto, chifukwa chitsulo chimaisocheretsa.

Sankhani malo asanu kapena asanu ndi limodzi osiyana ndithu, monga patsinde pa khoma loyang'ana kumpoto, kuseri kwa nyumba mbali yakummwera, pansi pa mtengo, pakati pa kapinga ndi pangodya yotsika kwambiri. Khomani zikhomo, muzipatse zilembo A, B, C mpaka kumapeto. Chilichonse chimene muziyeza kuyambira pano muziyezera pa zikhomozi, apo ayi manambala a sabata ino sadzayerekezeka ndi a mwezi wamawa.

Gawo 2: Werengani maola a dzuwa

Apa ndi pamene anthu ochokera kumudzi amapusitsika kwambiri. Ku Malawi, mu Disembala dzuwa lamasana limapendekera kummwera, mu Juni kumpoto. Johannesburg ili pa madigiri 26 kummwera kwa ikweta, choncho dzuwa la 12 koloko limakhala mbali yakumpoto chaka chonse. Mu Disembala limakwera mpaka madigiri 87, pafupifupi paliwombo, ndipo khoma silikhala ndi mthunzi woti n'kuutchula. Mu Juni limangofika madigiri 40. Khoma la mamita 2 limaponya mthunzi wa mamita oposa 2.3 mbali yakummwera masana enieni, ndipo m'mawa ndi madzulo umatalika kuposa apo. Khoma lomwelo ku Lilongwe likanaponya mita imodzi ndi theka basi. Bedi limene linabereka bwino tomato mu Januwale likhoza kukhala mumthunzi tsiku lonse mu Juni, mwini wake n'kumadabwa.

Sankhani tsiku lopanda mitambo. Ola lililonse, kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo, pitani pa chikhomo chilichonse mulembe D ngati pali dzuwa lenileni, M ngati pali mthunzi, ndi T ngati dzuwa likudontha pakati pa masamba a mtengo. Madzulo werengani: D ndi ola limodzi, T ndi theka la ola. Chitani zimenezi katatu pachaka, chakumapeto kwa Juni, kwa Seputembala ndi kwa Disembala.

Chimanga, tomato, maungu, therere ndi nyemba zimafuna maola osachepera 6, makamaka 8. Repu, mpiru, tchainizi ndi sipinachi zimapirira pa maola 4 kapena 5. Pamene pakuchepera maola 3 musavutike ndi ndiwo, dzalanipo maluwa okonda mthunzi. Chomera chosowa dzuwa chimadziwika: chimatalika chowonda, mfundo zake zimatalikirana, chimaweramira mbali imodzi, ndipo chimachita maluwa ochepa. Feteleza sangachichiritse, amangochiwondetsa ndi kuchifewetsa mpaka nsabwe kuchikonda.

Lembaninso mtundu wa mtengo umene ukupereka mthunziwo. Mitengo yambiri ya m'misewu ya kuno, monga plane ndi oak, imayoyola masamba nthawi yozizira, ndiye pansi pake pamawala mu Julayi n'kudzada mu Novembala. Msangu wakumudzi umachita mosemphana, umayoyola m'dzinja, n'chifukwa chake chimanga chimakondwa pansi pake. Musayembekeze zomwezo pansi pa mitengo ya kuno.

Kutalika kwa tsiku nakonso kumasintha kwambiri, kuchoka pa maola pafupifupi 10 ndi theka mu Juni kufika pafupifupi 13 ndi mphindi 45 mu Disembala. Mpiru kapena letesi akathamangira kuchita maluwa mu Okutobala masamba asanakule, choyambitsa ndi masiku aatali ndi kutentha, osati kusowa manyowa.

Gawo 3: Pezani pamene chisanu chimagona

Usiku wopanda mitambo ndi mphepo, nthaka imataya kutentha kumwamba, mpweya wa pansi n'kuzizira. Mpweya wozizira ndi wolemera, umatsetsereka ngati madzi mpaka kukadikha pamalo otsika kapena pamene khoma lautsekereza. N'chifukwa chake nyumba za m'mphepete mwa mitsinje ya Jukskei, Braamfontein Spruit ndi Klip River zimapsa ndi chisanu kuposa za pazitunda monga Northcliff ndi Linksfield. Zomwezo zimachitika m'bwalo laling'ono.

Mu Juni kapena Julayi, madzulo oti kumwamba kuli mbee ndipo kamphepo kulibe, ikani mbale yosaya yapulasitiki pa chikhomo chilichonse, muthiremo madzi okuya theka la sentimita. Mbale zikhale zofanana ndipo zikhale panthaka. Dzukani dzuwa lisanatuluke, mulembe pamene madzi aundana onse, pamene angochita kakhungu pamwamba, ndi pamene sanaundane. Bwerezani usiku wosachepera usanu. Ngati muli ndi choyezera kutentha, chiikeni masentimita 5 pamwamba pa nthaka, muzichisamutsa chikhomo chimodzi usiku uliwonse, ndipo pambali pa nambala yake muzilembanso imene foni yanena ya mzinda wonse. Nambala ya pafoni imayezedwa kumtunda kwa mita imodzi, mkati mwa kabokosi, choncho foni ikanena madigiri 3 kapena 4, pansi pamene pali mbande pakhoza kukhala pataundana kale.

Zomera nazo ndi mboni. Tomato, nkhwani, nyemba, bonongwe ndi kholowa zimada ndi kufota m'mawa umodzi wokha, chifukwa madzi a m'masamba akaundana amang'amba timinofu ta mkati. Repu, kabichi, sipinachi, nsawawa ndi anyezi zimapirira. Mapapaya, nthochi ndi mango, zimene mtima wa Mmalawi umafuna kudzala, zimangopulumuka patsinde pa khoma loyang'ana kumpoto, limene limasunga kutentha kwa masana n'kumakutulutsa usiku. Pali chisanu china chimene sichionetsa zoyera pa kapinga chifukwa mpweya umakhala wouma kwambiri, koma masamba amada chimodzimodzi. Musanene kuti kunalibe chisanu chifukwa choti simunachione.

Mukapeza ngodya yozizira, mwina chofunika ndi kungotsegula mpata pansi pa mpanda wa maluwa kuti mpweyawo uzidutsa. Pofunditsa mbewu gwiritsani ntchito nsalu yachisanu ya m'manazale kapena masaka, zifike mpaka pansi kuti zitsekere kutentha kwa nthaka. Pulasitiki yokhudza masamba imawapsereza pamene yakhudzapo. Nthambi zopsa ndi chisanu musazidule mpaka Seputembala, chifukwa zimateteza zamkati. Ndipo lembani tsiku la chisanu choyamba ndi chomaliza chaka chilichonse. Pakatha zaka zitatu mudzadziwa nthawi yowokera tomato pabwalo lanulo kuposa mmene paketi ya mbewu ingakuuzireni.

Gawo 4: Dothi

Dothi la Johannesburg si lamtundu umodzi. Madera akumpoto monga Randburg, Sandton ndi Midrand akhala pa mwala wa giranaiti, ndipo dothi lake limakonda kukhala lamchenga ndi la asidi pang'ono. Pa chitunda cha Witwatersrand dothi ndi losaya, lamiyala. Madera ena akummwera, monga cha ku Lenasia, ali pa mwala wa dolomaiti. Komabe m'tauni musadalire mapu a miyala okha, chifukwa omanga nyumba amasiya zigumu za simenti ndi njerwa pansi n'kuwaza dothi labwino pamwamba. Kumbani dzenje lakuya masentimita 40 pafupi ndi chikhomo chilichonse. Lembani kuya kwa dothi lakuda la pamwamba, pamene fosholo yayamba kukana, pamene mizu yathera, ndi nyongolotsi zimene mwapeza. Mizu imene yatsika n'kukhotera m'mbali yonse pamalo amodzi ikukuuzani kuti pansipo pali chidikha cholimba. Dothi lotuwa lokhala ndi madontho a dzimbiri, kapena lonunkha ngati mazira owola, ndi loti madzi amakhalitsamo.

Kuti mudziwe mtundu wa dothi, tapani kuchokera pakuya kwa masentimita 10 mpaka 20, chotsani miyala ndi mizu, muliphwanye. Thirani m'botolo mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu, dzazani madzi kusiya kampata, onjezani supuni yaing'ono ya sopo wamadzi wotsukira mbale, tsekani, mukhutchumule mphindi zitatu. Sopoyo amalekanitsa timibulu togwirana. Ikani botolo pamalo osagwedezeka. Pakatha mphindi imodzi lembani mzere pamene zokhazikika zafika, umenewo ndi mchenga. Pakatha maola awiri lembani wina, limenelo ndi dothi losalala ngati ufa. Pakatha masiku awiri lembani wachitatu, limenelo ndi dongo. Mchenga ukaposa magawo 7 mwa 10, dothilo silisunga madzi ndi chakudya, lifuna kuthirira pang'ono pafupipafupi ndi kompositi wambiri. Dongo likafika magawo 4 mwa 10, ndi la mtundu wa makande kapena katondo wolimba, lifuna kuthirira kwambiri koma patalipatali. Cholakwika chofala ndi kusaphwanya bwino zibuma: zimamira msanga, inu n'kuziwerengera ngati mchenga.

Kenako yezani kalowedwe ka madzi. Kumbani dzenje la masentimita 30 mulifupi ndi 30 kuya, lidzazeni madzi, muwasiye aphwe onse. Lidzazeninso, imikani rula, muone masentimita amene madzi akutsika pa ola. Pakati pa 2.5 ndi 7.5 zili bwino. Osafika sentimita imodzi, mizu idzasowa mpweya mvula ya Januwale ikagundika, ndiye kwezani mabedi. Oposa 10, madzi akungodutsa. Kudzaza koyamba kuja musakudumphe, chifukwa dothi louma limamwa mofulumira n'kukunamizani.

Za asidi, tengani makapu awiri, lililonse muikemo masupuni awiri a dothi. M'kapu yoyamba thirani viniga: likachita thovu, dothilo lili ndi laimu wambiri. M'yachiwiri nyowetsani dothi ndi madzi a mvula, osati a pampopi chifukwa amasokoneza zotsatira, muwaze soda: likachita thovu, asidi ndi wambiri. Kuyesa uku kumangogwira dothi lopyola malire. Kuti mupeze nambala, gulani kunazale timapepala toyezera pH, umene ndi muyeso wa asidi m'dothi. Ndiwo zambiri zimakondwa pakati pa 6 ndi 7. Musathire laimu musanayeze.

Pali zinthu ziwiri zimene botolo ndi viniga sizingakuuzeni. Ngati muli pafupi ndi milu ya zinyalala za migodi ya golide, monga cha ku Riverlea ndi mbali zina za Soweto, fumbi lake limakhala ndi asidi ndi zitsulo zoipa m'thupi, ndipo ndi labotale yokha imene ingaziyeze. Kumeneko limani ndiwo m'mabokosi kapena m'mabedi okwezeka okhala ndi dothi lochokera kwina, ndipo muzitsuka masamba bwino, makamaka mu Ogasiti ndi Seputembala pamene mphepo imaulutsa fumbi. Ngati muli pa dolomaiti, musalole madzi kudikha pamalo amodzi kapena paipi kudontha miyezi, chifukwa madzi amakokolola dothi kulowetsa m'mapanga a pansi, nthaka n'kutitimira.

Gawo 5: Madzi olowa ndi otuluka

Imikani chitini chimodzi pabwalo poyera, kutali ndi khoma kapena mtengo mtunda wowirikiza kawiri kutalika kwake. China ikani pansi pa mtengo, china patsinde pa khoma pansi pa denga. M'mawa uliwonse nthawi yofanana viikani rula, lembani mamilimita, khuthulani. Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi pa malo a mita imodzi mbali zonse. Bedi la ndiwo limafuna mamilimita pafupifupi 25 pa sabata, kapena kuposerapo kukatentha, ndiye kuti makheni awiri ndi theka a malita 10 pa mita iliyonse. Mudzaona kuti bedi la pansi pa denga limatsala louma ngakhale mvula itagwa usiku wonse.

Zitini zomwezo yezerani sipirinkala: zimwazeni pa kapinga, tsegulani madzi mphindi 15, muyerekeze. Zigamba zachikasu za pa kapinga nthawi zambiri zimapezeka pamene chitini chalandira madzi ochepa. Kumbukirani kuti miyezi yotentha mzinda umakonda kuletsa kuthirira pakati pa 6 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo, choncho yeserani m'mamawa.

Mvula yamabingu ya kuno imagwa yambiri nthawi yochepa. Chitini chikhoza kuonetsa mamilimita 30 koma ambiri atathamangira mumsewu. Tsiku lotsatira kumbani ndi chala kapena fosholo, muone pamene chinyontho chalekezera.

Kuti muone madzi amene chomera chikutulutsa, sankhani nthambi ziwiri za chitsamba chimodzi, ina padzuwa ina pamthunzi, zokhala ndi masamba ofanana kuchuluka. Vekani jumbo pa iliyonse, mangani pakamwa ndi ulusi, ngodya imodzi ilendewere pansi. Pakatha maola awiri kapena atatu pompani madziwo ndi sirinji, mulembe mamililita. Musapitirire nthawi imeneyi chifukwa masamba amapsa m'jumbo. Yesaninso pa chomera cha masamba opyapyala ndi china cha masamba okhuthala, kusiyana kwake kukuonetsani chifukwa chake zomera zachilengedwe za kuno zimatha miyezi isanu popanda mvula.

Nkhwani akafota masana n'kudzuka madzulo, sikuti nthawi zonse akusowa madzi, mwina masamba akungotaya mofulumira kuposa mmene mizu ingakokere. Wofota m'mamawa ndiye ali pamavuto. Gwirani dothi: ngati ndi louma thirirani, ngati ndi lonyowa ndiye kuti mizu yawola kapena yadyedwa, ndipo kuthirira kungomaliza chomeracho.

Gawo 6: Yang'anani chomeracho, masamba ndi mizu

Pa chikhomo chilichonse sankhani zomera zitatu za mtundu umodzi, muzimange kaulusi. Tsiku lomwelo sabata iliyonse yezani kutalika kuchokera panthaka mpaka pansonga, werengani masamba, lembani tsiku la duwa loyamba, ndipo jambulani chithunzi mutaima pamalo omwewo rula ili pambali.

Poona tsamba lachikasu, funso loyamba ndi lakuti ndi lakale kapena latsopano. Akale a m'munsi akayamba chikasu chonse, kawirikawiri ndi kusowa nayitirojeni, chifukwa chomera chimasamutsa chakudyachi kupititsa kunsonga. Izi zimachuluka pa dothi lamchenga mvula ikagwa yambiri. Atsopano akakhala achikasu koma mitsempha ili yobiriwira, ndi kusowa ayironi, ndipo zimakonda kuoneka pafupi ndi khoma kapena pamene panakwiriridwa simenti, chifukwa laimu amamanga ayironi kuti mizu isamutenge. Masamba a chimanga kapena tomato ofiirira mopita kukuda kumayambiriro kwa Seputembala amasonyeza kuti dothi likadali lozizira ndipo mizu ikulephera kutenga fosifolasi. Kukafunda amabiriwira okha. Masamba ong'ambika ndi mabala mbali imodzi ya zipatso, tsiku lotsatira mvula yamkuntho, ndi matalala, si matenda.

Zulani chomera chimodzi chodwala ndi china chathanzi, ndi fosholo osati kukoka, mutsuke mizu m'ndowa. Mizu yabwino ndi yoyera ndi yolimba, yowola ndi yabulauni ndipo khungu lake limavuuka. Pa nyemba, khobwe ndi mtedza mupeza timibulu tomata pambali pa muzu. Ng'ambani kamodzi ndi chikhadabo: kakakhala kofiirira mkati, mabakiteriya ake akugwira ntchito yotenga nayitirojeni mumpweya kupatsa chomera. Timibulu timeneti timathothoka mukatikhula. Zotupa za pa mizu ya tomato kapena therere, zimene sizithothoka chifukwa ndi muzu weniweniwo watupa, zimabwera ndi tinyongolotsi tosaoneka ndi maso. Pamenepo musadzalepo tomato, therere kapena biringanya kwa zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo muzitsuka khasu musanapite nalo pabedi lina.

Gawo 7: Zamoyo zoyandikana nazo

Khalani pansi pafupi ndi chomera chimene chili ndi maluwa, mphindi 10, pakati pa 8 ndi 10 koloko m'mawa, muwerenge alendo onse otera pa duwa: njuchi, ntchentche, agulugufe, mbalame. Pa maungu izi zili ndi phindu lachindunji. Duwa lachikazi lili ndi kadzungu kumunsi, lachimuna lilibe, ndipo onse amatsegula m'mawa umodzi wokha. Tiawungu tikamachita chikasu n'kuyoyoka, inu n'kupeza kuti njuchi sizikubwera, thyolani duwa lachimuna, chotsani zokutira zake, mukhudzitse mungu pakati pa lachikazi nthawi isanakwane 9 koloko. Funsaninso ngati wina akupopera mankhwala m'mawa pamene njuchi zikuyenda.

Nsabwe za m'masamba ziwerengeni pa masamba asanu a chomera chilichonse, kunsi kwa tsamba. Nyerere zikamakwera ndi kutsika patsinde, zikuweta nsabwezo chifukwa cha timadzi totsekemera timene zimatulutsa, ndipo zimathamangitsa tizilombo todya nsabwe. Musanapope, onani ngati pali tikumbu tofiira tamadontho akuda, timene timadya nsabwe, kapena ana ake, muwerengenso pakatha masiku anayi. Nthawi zambiri nambala imatsika yokha.

Udzu womera wokha umanena za malo. Pangani chimango cha mita imodzi mbali zonse ndi timitengo kapena paipi. Ponyani mwala chakumbuyo osayang'ana, muike chimango pamene wagwera, kasanu pamthunzi ndi kasanu padzuwa. Mukasankha ndi maso mudzangosankha pamene pakugwirizana ndi maganizo anu. M'chimango chilichonse lembani mitundu imene ilimo ndi gawo la nthaka limene uliwonse waphimba. Dawe wochuluka amakonda ponyowa, ndere zimakonda pamthunzi pachinyezi, chisoso chimakonda pogawulidwa chatsopano. Chomera chimene simukuchidziwa chijambuleni masamba, duwa ndi chonse, muike pa pulogalamu ya pafoni yotchedwa iNaturalist, pamene akatswiri kuphatikizapo a SANBI, bungwe la boma loona za zomera ndi nyama zachilengedwe, amathandiza kutchula mayina. Izi n'zofunika chifukwa zomera zina, monga lantana, bugweed ndi pompom weed, malamulo a dziko lino amafuna kuti zichotsedwe.

Pa mitengo, yang'anani thunthu. Kachikumbu kotchedwa polyphagous shot hole borer kanapezeka koyamba m'dziko lino mu 2017 ku Pietermaritzburg, ndipo kawononga mitengo yambiri ku Johannesburg. N'kakang'ono ngati mamilimita 2, kamaboola timabowo ngati nsonga ya bolopeni, ndipo kamabweretsa chuku chimene chimatseka njira za madzi mumtengo. Zizindikiro ndi timabowoto, madontho onyowa pa khungwa, utuchi wosalala, ndi nthambi kuuma kuyambira kunsonga, makamaka pa box elder, London plane ndi English oak. Mukazipeza uzani eni nyumba, ndipo nkhuni za mtengowo musapite nazo kwina, chifukwa ndi mmene kachilomboka kamafalira.

Gawo 8: Yesani chimene mukuchiganizira

Zonse zapitazi zimangokupatsani choganizira. Kuti mutsimikize, sinthani chinthu chimodzi chokha, zina zonse zikhale chimodzimodzi. Amene wathira manyowa, kuphimbira ndi kuwonjezera madzi tsiku limodzi, mbewu zikakondwa sangadziwe chimene chathandiza, ndipo chaka chamawa adzalipira zitatu zonse.

Titenge chitsanzo cha kuphimbira. Sankhani malo amene maola a dzuwa ndi ofanana. Dulani tizigawo 6, kalikonse mita imodzi mbali zonse, kusiya kanjira ka masentimita 30 pakati. Lembani manambala pa timapepala, muchite maere kuti mupeze titatu tophimbira ndi titatu tosiya. Maerewa amateteza kuti tophimbira tonse tisagwere mbali ya dothi labwino. Kubwereza katatu n'kofunika chifukwa kagawo kamodzi kakhoza kuwonongedwa ndi mfuko, nkhono kapena galu. Wokani mbande 9 za repu zofanana msinkhu m'kagawo kalikonse, tsiku limodzi. Phimbirani ndi udzu wouma wopanda njere wochindikala masentimita 5, osakhudza tsinde kuti lisawole. Thirirani ndi kheni, malita ofanana paliponse. Kawiri pa sabata, 2 koloko masana, pisani chala masentimita 5 mulembe ngati ndi pouma, pachinyezi kapena ponyowa. Pothyola, yezani ndiwo za kagawo kalikonse pa sikelo ya kukhitchini, muphatikize titatu n'kugawa ndi 3.

Ngati tizigawo tonse titatu tophimbira taposa tonse titatu tosaphimbira, mwapeza yankho lodalirika. Ngati manambala alowana, kusiyanako kukhoza kukhala kwamwayi, bwerezani. Lembani mwezi umene mwayesera, chifukwa yankho la Novembala si la Julayi. Nthawi yotentha kuphimbira kumasunga chinyontho ndi kuziziritsa dothi. Nthawi yachisanu udzu womwewo umatsekereza kutentha kwa nthaka kuti kusakwere usiku, ndiye masamba a pamwamba pake akhoza kupsa kuposa a pa dothi lonyowa losaphimbira.

Njira yomweyi igwiritseni ntchito pa funso lililonse: mtunda wochokera pa thunthu la mtengo, kuthirira tsiku lililonse kapena kawiri pa sabata, kompositi kapena manyowa a nkhuku.

Kuti muone mmene zomera za kuno zimakhalira popanda wozithirira, pitani ku Walter Sisulu National Botanical Garden ku Roodepoort, ku Klipriviersberg Nature Reserve, kapena ku Melville Koppies masiku amene amalola alendo. Musathyole kapena kukumba kanthu, kope ndi kamera zikwanira. Derali mwachilengedwe ndi la udzu, mitengo yambiri ya m'misewu, kuphatikizapo jakaranda wochokera ku South America, inachita kudzalidwa. Yerekezani mbali ya chitunda yoyang'ana kumpoto ndi yoyang'ana kummwera, muone kumene mitengo yachuluka ndi kumene dothi likusunga chinyezi. Mu Seputembala kapena Okutobala funani pamene panapsa moto nthawi yozizira, muwerenge mitundu ya maluwa m'masitepe khumi, kenako muwerengenso pamene sipanapse. Ambiri mwa maluwawo amaphuka mvula isanagwe, chifukwa chakudya ndi madzi anasunga m'mizu ikuluikulu ndi m'zinthu zonga anyezi pansi pa nthaka, kumene chisanu ndi moto sizifika.